Phunziro 18: Cifukwa ciani thupi limatupa ndi madzi?

1. TIWERENGE: MAPAZI A TOMASI

Lusiya ndi mtsikana wa kalasi 5. Amakhala m'mudzi wina ku Angónia, m'cigawo ca Tete. Ali ndi mlongo wake wamng'ono, dzina lake Tomasi, wa zaka 2. Amayi awo atatenga pakati pena, anamuletsa Tomasi kuyamwa. Tsopano pakhomo pali khanda.

Unali mwezi wa Fevereiro. Mvula inali kugwa tsiku ndi tsiku. Cimanga ca kumunda cinali cisanakhwime, ndipo ca m'nkhokwe cinali pafupi kutha. Nyemba ndi nsawa zinatha kale. Tomasi anali kudya phala la ufa woyera lopanda kanthu, m'mawa ndi madzulo. Mwezi wapitawo anatsegula m'mimba masiku ambiri.

Tsiku lina mayi wa nyumba yoyandikana anabwera kudzapala moto. Ataona Tomasi anati: "Amake Tomasi, mwana wanu wanenepa bwanji! Taonani masaya. Mukumudyetsa ciani m'njala muno?"

Amayi anaseka, koma Lusiya sanaseke. Iye ndiye anali kubereka Tomasi kumsana masiku onse akaweruka kusukulu. Anali kudziwa kuti mlongo wake anasiya kusewera. Anali kungolira ndi kukana phala. Tsitsi lake linasanduka lofiirira ndi lofewa. Kamkanda ka pamwendo kanali kulowa m'khungu.

Madzulo agogo anagwira mapazi a Tomasi. Anapukusa mutu, nati: "Uku si kunenepa ai. Limeneli ndi tsempho. Pali wina pakhomo pano amene sanasunge mwambo."

Abambo anakwiya. Amayi analira. Usiku umenewo nsima inatsala m'mbale.

Lusiya anakumbuka zimene wazaumoyo anawaonetsa kusukulu. Anakhazika Tomasi pamphasa. Anasindikiza zala zake zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, nawerenga pang'ono-pang'ono mpaka 3. Atacotsa zala, pa phazi lililonse panatsala kadzenje, monga kamene cala cimasiya pa dothi lonyowa.

"Agogo, taonani," anatero Lusiya. "Anatiuza kuti kadzenje kakatsala pa mapazi onse awiri, ndiye kuti m'thupi mwa mwana mwadzaza madzi. Akuti mwana wotere asacedwe kupita kucipatala."

"Iwe mwana, ukudziwa ciani?" anatero agogo. Komabe anayesa okha ndi cala cawo. Kadzenje kanatsalanso. Anakhala cete kanthawi, kenaka anauza amayi kuti: "Za mwambo tidzakambirana akulu-akulu. Inu munyamuke naye m'bandakuca."

Amayi ndi Lusiya anayenda maola 3 m'matope. Ku Centro de Saúde anamwino anayesa mapazi a Tomasi monga anacitira Lusiya. Anamuika pa sikelo, ndipo anali ndi makilo 9.

"Mwacita bwino kubwera lero, amayi," anatero anamwino. "Mwanayu agonekedwa. Nthenda yake ndi ya kusowa zakudya zoyenera m'thupi, ndipo imacizika."

Tomasi analandira mankhwala ndi mkaka wapadera wa kucipatala. Anali kumwa pang'ono-pang'ono, usana ndi usiku. Patapita sabata imodzi anamuikanso pa sikelo. Anali ndi makilo 8. Masaya aja anaphwa, nthiti zinayamba kuoneka. Amayi anacita mantha.

"Anamwino, mwana wanga akutha!"

"Ai amayi, amene akutha ndi madzi. Ili mukuliona tsopano ndilo thupi lake leni-leni. Kuyambira pano ndi pamene ayambe kunenepa kweni-kweni."

Zinaterodi. Tomasi anayamba kufuna cakudya, kenaka anayamba kuseka. Atatuluka m'cipatala, agogo ndiwo anali oyamba kumusinjira nsawa zothira m'phala.

Kodi kilo imodzi ya madzi ija inacokera kuti? Tomasi sanali kumwa madzi ambiri kuposa ana ena. Kuti tiyankhe, tiyeni tione mmene madzi amayendera m'thupi.

2. MADZI A M'THUPI LATHU

Thupi la munthu lili ndi madzi ambiri. Munthu wamkulu wa makilo 70 ali ndi madzi okwana malita 42. Amenewa angadzaze zigubu ziwiri za malita 20, n'kutsalako malita 2.

Thupi linamangidwa ndi tizipinda ting'ono-ting'ono tosaoneka ndi maso, tochedwa maselo. Madzi aja amakhala m'malo atatu:

Malita 28 ali m'kati mwa maselo.
Malita 11 ali m'mipata ya pakati pa maselo.
Malita 3 ali m'magazi.

Kutupa kumene tikuphunzira lero kumacitika pamene madzi a m'mipata ya pakati pa maselo aculuka kupitirira muyeso. M'Cipwitikizi kutupa kotere amati edema. Tikasindikiza cala, madzi amathawira m'mbali, ndipo amacedwa kubwerera. N'cifukwa cake pamatsala kadzenje. Mafuta a munthu wonenepa sathawa cala, conco sasiya kadzenje.

3. ULENDO WA MADZI

Mtima umapopa magazi usana ndi usiku. Mwa munthu wamkulu umagunda pafupi-fupi ka 70 pa mphindi imodzi. Magazi amacoka mumtima kudzera m'mitsempha yaikulu. Mitsemphayo imagawikana ngati nthambi za mtengo, mpaka imasanduka timitsempha tocepa kuposa tsitsi. Timitsempha timeneti tili paliponse: m'khungu, m'minofu, m'matumbo, m'mapapo.

Kodi munaonapo mtsuko watsopano wa madzi? Kunja kwake kumakhala kwa cinyontho, ngakhale mtsukowo ulibe mng'alu. Madzi amadutsa pang'ono-pang'ono m'tizibowo ta dothi. Makoma a timitsempha ali cimodzi-modzi. Madzi amadutsa m'makomawo n'kulowa m'mipata, atanyamula cakudya ca maselo. Izi n'zofunika, cifukwa popanda zimenezi maselo angafe ndi njala.

Pali zinthu zitatu zimene zimasunga muyeso wa madzi amenewa.

Coyamba ndi mphamvu yokankha. Magazi amayenda mopanikizika cifukwa ca kupopa kwa mtima. Kupanikizika kumeneku kumakankhira madzi kunja kwa timitsempha, monga madzi amatulukira tikamafinya nsalu yonyowa.

Caciwiri ndi mphamvu yokoka. M'magazi muli puloteni yochedwa albumina. Imapangidwa m'ciwindi kucokera ku zakudya zomanga thupi. Albumina ndi yaikulu, ndipo sidutsa mosavuta m'tizibowo ta makoma. Imatsala m'magazi n'kumakoka madzi kuti asatuluke ambiri. Amene anafotokoza za kulimbana kwa mphamvu ziwirizi ndi Ernest Starling, wasayansi wa ku England, m'caka ca 1896.

Cacitatu ndi ngalande za thupi. Mphamvu yokankha imaposa pang'ono mphamvu yokoka, conco madzi amatuluka ndithu. Mwa munthu wamkulu amatuluka pafupi-fupi malita 8 pa tsiku. Madzi amenewa amatengedwa ndi mitsempha ina yopanda magazi, imene tikuicha ngalande za thupi. Ngalandezi zili ndi tizitseko tolola madzi kupita mbali imodzi yokha. Tikamayenda, minofu imazifinya ndipo madzi amakwera. Pa njira amasefedwa m'timibulu ta m'mphecepece mwa ncafu, m'khwapa ndi m'khosi. Kamodzi ka timibulu timeneti kakatupa cifukwa ca cilonda, timati munthu ali ndi mwanabere. Pomaliza madziwo amathiridwa m'mitsempha yaikulu ya magazi, m'munsi mwa khosi.

Kale mabuku anali kuphunzitsa kuti madzi ambiri otuluka amabwerera okha m'timitsempha. Asayansi a masiku ano apeza kuti m'ziwalo zambiri za thupi ngalande ndizo zimagwira nchito yaikulu yobweza madziwo.

Taganizani za dimba la m'dambo. Madzi amalowa ndi ngalande ina, n'kutuluka ndi ina. Olowa akalingana ndi otuluka, mbeu zimakula bwino. Olowa akaculuka, kapena njira yotulukira ikatsekeka, dimba limasanduka cithaphwi. Thupi nalonso limatero.

Madzi amatsikira kunsi. N'cifukwa cake munthu woyenda amayamba kutupa mapazi, wodwala wogona nthawi yaitali amatupa m'ciuno, ndipo ena amadzuka m'mawa atatupa zikope.

4. ZIFUKWA ZINAYI ZA KUTUPA

A. Mphamvu yokankha ikaculuka

Munthu akakhala maola ambiri m'galimoto ya xapa, monga pa ulendo wocoka ku Ulónguè kupita ku Tete, nsapato zimayamba kumuthina. Miyendo yakhala yosayenda, magazi aunjikana kunsi, ndipo akankhira madzi kunja. Kutupa kotere kumatha munthu akayenda-yenda kapena akagona atakweza miyendo.

Mayi wapakati nayenso amatupa mapazi, maka-maka madzulo. Magazi ake aculuka, ndipo mwana wa m'mimba amapsinja mitsempha yobweza magazi kucokera kumiyendo.

Mtima ukafooka, umalephera kupopa magazi onse amene akubwera. Magazi amadikira pambuyo, monga madzi a mumtsinje amadzazira pamene zinyalala zatseka pansi pa mlatho. Miyendo imatupa. Madzi ena amalowa m'mapapo, ndipo munthu amabanika akagona cagada kapena akakwera citunda. Impso zikaona kuti magazi akuzifika ocepa, zimayamba kusunga mcere ndi madzi. Pamenepo kutupa kumakula. Mtima umafooka cifukwa ca nthenda ya kuthamanga kwa magazi imene yakhala zaka zambiri. Mwa ana a msinkhu wa sukulu, zilonda za pakhosi zosacizidwa bwino zikhoza kuononga tizitseko ta mumtima.

Impso zikadwala, zimalephera kutaya mcere ndi madzi otsala. Nthawi zina mwana amadwala zilonda za pakhosi kapena zilonda za mphere. Pakapita masabata angapo amadzuka atatupa nkhope, ndipo mkodzo wake umakhala wocepa ndi wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Pamenepo impso zakhudzidwa.

B. Mphamvu yokoka ikacepa

Albumina ikacepa m'magazi, palibe coletsa madzi kutuluka. Amatuluka ambiri kuposa amene ngalande zingathe kubweza. Albumina imacepa m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndi ya Tomasi. Phala la ufa woyera kapena la cinangwa limakhutitsa, koma lili ndi zomanga thupi zocepa. Mwana akamadya lokhalo, n'kudwalanso cikuku kapena kutsegula m'mimba, ciwindi cimasowa zopangira albumina. Makoma a timitsempha amafookanso, ndipo thupi limasunga mcere. Mapazi amatupa, kenaka miyendo, manja ndi nkhope. Khungu limasupuka, tsitsi limafiirira. Nthenda imeneyi ndi kwashiorkor. Dokotala Cicely Williams anaifotokoza m'caka ca 1933, pamene anali kugwira nchito ku dziko limene lero ndi Ghana. Dzinali linacokera m'cilankhulo ca Ga ca komweko, ndipo limanena za nthenda imene mwana amadwala akalandidwa bere ndi mng'ono wake.

Njira yaciwiri ndi kuonongeka kwa ciwindi. Kacasu ndi mowa wina womwa zaka zambiri, nthenda ya hepatite B, ndi likodzo la m'matumbo zimaumitsa ciwindi. Ciwindi couma cimachinga magazi ocokera m'matumbo, ndipo nthawi zambiri cimalepheranso kupanga albumina yokwanira. Madzi amadzaza m'mimba. Mimba imakula ngati ng'oma, pamene manja ndi cifuwa zikuonda.

Njira yacitatu ndi impso zodontha. Impso zili ngati sefa. Zimataya zoipa, n'kusunga albumina. Sefayo ikabooka, albumina imatayika pamodzi ndi mkodzo. Mkodzo umacita thovu lambiri, ndipo thupi lonse limatupa ngakhale munthuyo akudya bwino.

C. Makoma a timitsempha akatseguka

Njuci ikakuluma pa dzanja, pamatupa nthawi yomweyo. Ukapsa ndi phala lamoto, pamatuluka thuza lodzaza madzi. Ukabzungunyuka phazi posewera mpira, bondo la phazi limatupa. Pa malo opwetekawo thupi limatulutsa mankhwala ake, monga histamina, amene amakulitsa tizibowo ta makoma. Madzi amatuluka ambiri, pamodzi ndi albumina ndi maselo oyera a magazi olimbana ndi tizirombo.

Kutupa kotere kumakhala pa malo amodzi. Pamatentha, pamafiira ndipo pamapweteka. Kawiri-kawiri kumathandiza kuti bala lipole, ndipo kumatha pakapita masiku ocepa. Koma kumaopsa munthu akalumidwa ndi njoka, akapsa mbali yaikulu ya thupi, kapena kutupako kukafika pa milomo, lilime ndi kukhosi, cifukwa kukhoza kutseka njira ya mpweya.

D. Ngalande zikatsekeka

Pali nthenda yotupitsa miyendo imene ena amaicha mchecha. M'Cipwitikizi amati filaríase. Imapezeka m'madera ambiri a Moçambique, maka-maka kumpoto ndi pakati pa dziko. Imayamba ndi tinyongolotsi tooneka ngati ulusi. Tinyongolotsiti timakhala m'ngalande za thupi zaka 6 mpaka 8, ndipo tatikazi timatalika mpaka masentimita 10. Timabereka tiana tambiri-mbiri timene timayenda m'magazi usiku. Udzudzu ukaluma wodwala umatenga tianato, n'kukatisiya mwa munthu wina. Dokotala Patrick Manson ndiye anatulukira m'caka ca 1877, ku China, kuti tianati timakulira m'thupi la udzudzu.

Tinyongolotsi timafutukula ngalande ndi kuononga tizitseko take. Madzi amalephera kukwera, ndipo mwendo umatupa. Poyamba cala cimasiya kadzenje. Pakapita zaka khungu limakhuthala n'kuuma, ndipo kadzenje sikatsalanso. Mwa amuna madzi akhoza kudzaza kumaliseche. Imeneyi ndi phudzi, ndipo imacizidwa ndi opaleshoni kucipatala.

Ambiri amatenga tinyongolotsiti ali ana, koma kutupa kumaoneka atakula. Nthendayi sitingaitenge pogwirana canza kapena podyera mbale imodzi. Wodwala sayenera kusekedwa kapena kusalidwa. Amathandizika akamatsuka mwendo ndi sopo tsiku lililonse, kuupukuta bwino pakati pa zala, kuvala nsapato, ndi kuukweza pogona.

Nthendayi ikhoza kuthetsedwa. M'madera mmene ilimo, azaumoyo amagawira anthu mapiritsi a ivermectina ndi albendazol kamodzi pa caka. Anansi athu a ku Malawi anacita zimenezi zaka zingapo, ndipo mu 2020 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la OMS, linatsimikiza kuti nthendayi yaleka kukhala vuto lalikulu m'dziko lawo.

5. TICITE CIANI TIKAONA KUTUPA?

Taona kuti kutupa ndi cizindikiro cabe. Anthu anayi akhoza kutupa miyendo mofanana, koma wina vuto lili mumtima, wina m'impso, wina m'ciwindi, wina m'zakudya. Mankhwala awo ndi osiyana. Ndi kucipatala kumene amayesa magazi, mkodzo ndi mtima kuti adziwe gwero la kutupako.

Munthu apite kucipatala tsiku lomwelo ngati:

mwana watupa mapazi onse awiri ndipo kadzenje kakutsala;
mayi wapakati watupa nkhope ndi manja, akumva mutu kwambiri kapena akuona mwacimbuuzi;
wotupa akubanika popuma;
mkodzo wacepa, wada kapena uli ndi thovu lambiri;
mwendo umodzi watupa mwadzidzidzi ndipo ukupweteka;
milomo kapena lilime zatupa munthu atalumidwa ndi njuci kapena atamwa mankhwala.

Tisateme mphini pa khungu lotupa. Khungu lotere limacedwa kupola, ndipo tizirombo timalowa mosavuta. Tisagule mapiritsi okodzetsa pamsika. Mwana wotupa ngati Tomasi tisamukakamize nsima yambiri ndi nyama nthawi imodzi, cifukwa mtima ndi matumbo ake n'zofooka. Kucipatala amayamba ndi mkaka wapadera pang'ono-pang'ono.

Kutupa kwambiri kungapewedwe. Khanda liyamwe bere lokha miyezi 6, ndipo lipitirize kuyamwa mpaka zaka 2 likudya zina. M'phala la mwana tizithira nsinjiro, nyemba zopota, soya, usipa wosinja, dzira kapena masamba, ndi kasupuni ka mafuta. Pokolola, banja lisunge nsawa ndi nyemba za ana kuti zifike mwezi wa Março. Ana alandire katemera yense ndipo azipita kusikelo. Tizigona m'neti. Tizigwiritsa nchito cimbudzi, osati mtsinje kapena nyanja. Zilonda za pakhosi ndi mphere zicizidwe msanga. Ndiwo zisamaculuke mcere.

6. TIYENI TIYESE

Zofunika: mbatata imodzi yaiwisi ya kacewere, mpeni, shuga, mbale yosazama, madzi.

Sendani mbatata ndi kuidula pakati. Pa cidutswa ciliconse kumbani kadzenje, koma musaboole mpaka pansi. Ikani zidutswa ziwirizo m'mbale ya madzi pang'ono, timaenje titayang'ana kumwamba. M'kadzenje kamodzi thirani shuga. Kenako kasiyeni kopanda kanthu. Dikirani mpaka nthawi yoweruka.

Mwaona ciani? M'kadzenje ka shuga mwalowa madzi, pamene kena kali kouma. Shuga wakoka madzi kudzera m'mbatata. Umu ndi mmene albumina imakokera madzi m'magazi.

Cenjerani: shuga ndi mcere sizingagwire nchito ya albumina m'thupi. Izo n'zazing'ono kwambiri, ndipo zimadutsa m'tizibowo ta timitsempha pamodzi ndi madzi. Kudya mcere wambiri kumakulitsa kutupa.

7. MAU M'CINYANJA NDI M'CIPWITIKIZI

kutupa ndi madzi: edema
maselo: células
timitsempha ta magazi: capilares
ngalande za thupi: vasos linfáticos
zakudya zomanga thupi: proteínas
mtima: coração
impso: rins
ciwindi: fígado
mapapo: pulmões
udzudzu: mosquito

8. MAFUNSO

1. Kodi mayi woyandikana naye nyumba anaganiza ciani ataona masaya a Tomasi? Nanga agogo?
2. Chulani zinthu zitatu zimene Lusiya anaona mwa mlongo wake, zimene ena sanazione.
3. Cifukwa ciani anamwino sanadandaule pamene makilo a Tomasi anatsika kucoka pa 9 kufika pa 8?
4. Chulani malo atatu amene madzi amakhala m'thupi. Phatikizani malita ake. Mwapeza angati?
5. Kodi albumina imapangidwa kuti? Nchito yake ndi yotani?
6. Fotokozani kufanana kwa ngalande za m'dimba ndi ngalande za thupi.
7. Lembani A, B, C kapena D kusonyeza cifukwa ca kutupa kwa anthu awa: mnyamata wolumidwa ndi mavu, bambo amene mtima wake wafooka, mwana amene mkodzo wake uli ndi thovu lambiri, mayi wodwala mchecha.
8. Agogo anati: "Za mwambo tidzakambirana akulu-akulu. Inu munyamuke naye m'bandakuca." Kodi mukuganiza kuti anacita bwino? Kambiranani m'magulu.

9. NCHITO YA KUNYUMBA

Jambulani mwendo m'kope lanu. Ndi ceke cofiira jambulani mitsempha ya magazi, ndi ca mtundu wina jambulani ngalande za thupi. Lembani maina ake m'zilankhulo ziwiri.

Akulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pemphani cilolezo kwa makolo, ndipo muwaonetse mmene timayesera mapazi a mwana: zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, kuwerenga pang'ono-pang'ono mpaka 3, kenaka kucotsa zala. Yesani ana a pakhomo panu osakwana zaka 5. Ngati kadzenje katsala pa mapazi onse awiri, uzani makolo ndi wazaumoyo wa m'mudzi mwanu tsiku lomwelo. Mawa mudzauze aphunzitsi zimene mwapeza.